Mitanda Itatu pa Dzina la Amuna Anga

Tsiku: Lolemba, 14 Ogasiti 2023
Nthawi yoyambira: 9:20 m'mawa
Wolemba: Sajeni Juma Mwanyali

Ine, Benedita Namakhwa, wa zaka 51, wa m'mudzi mwa Muhiwa pafupi ndi Chinakanaka m'boma la Mulanje, wogulitsa nanazi ndi nthochi pamsika wa Chinakanaka, ndikunena izi:

Ndabwera kudzadandaula za a Hudson Khoviwa, mlembi wa gulu lathu lothandizana pamaliro lotchedwa Tiyanjane. Munthu ameneyu anagulitsa mayina athu ndi manambala athu a foni kwa anthu amalonda. Chifukwa cha zimenezo, amuna anga, a Zefaniya Mukhwapa, amene akudwala kwambiri, anachotsedwa pakhomo panga ndi abale awo. Panopa ali gone ku Milonde, akukhulupirira kuti ine ndinawagulira bokosi akadali moyo. Chimene ndikufuna n'chakuti amve zoona asanatisiye.

Ine ndi a Zefaniya tinakwatirana mu 1994. Iwo kwawo ndi ku Milonde, koma anabwera kudzamanga kwathu monga mwa mwambo wathu. Tili ndi mwana mmodzi, Kondi, amene anakwatiwa ku Blantyre. Amuna anga anathyola tiyi kuesiteti zaka makumi awiri. Ndi munthu wamtali kwambiri, moti anzawo kuntchito ankawatchula kuti Bulugamu.

Gulu la Tiyanjane tinalowa mu 2016, tonse awiri. Muli anthu pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Maliro akagwa, gulu limabweretsa ufa, nkhuni ndi ndiwo, ndipo amuna amakumba manda. Bokosi limakhala la eni maliro. Lamulo lina ndi lakuti pakhomo pakakhala matenda, umauza mlembi kuti alembe, kenako gulu limabwera kudzazonda wodwalayo. Tsiku lolowa, a Hudson analemba m'kaundula dzina langa, la amuna anga, mudzi ndi nambala ya foni, ine n'kusayina. Wapampando, a Lackson Mulipa, ananena mawu awa, ndipo ndikuwakumbukira bwino: "Za m'buku muno zimathera m'buku muno."

Chaka chatha, kuyambira mwezi wa Okutobala, foni yanga inayamba kulira ndi anthu osawadziwa. Ena ogulitsa magetsi a sola, ena mbewu, ena inshuwalansi ya maliro. Onse amanditchula dzina ndi mudzi womwe, ngati tinachezapo. Anzanga a m'gulu nawonso amadandaula zomwezo. Ndinafunsa a Hudson kuti anthuwa manambala akuwatenga kuti. Anaseka n'kunena kuti, "Netiweki imadziwa aliyense, amayi." Ine, pokhala wa Sitandade 5, ndinangoti kaya, mwina ndi mmene zimakhalira.

Mu Epulo chaka chino amuna anga anayamba kuvutika kumeza. Mu Juni tinapita kuchipatala, ine ndi alamu anga a Elsa Mukhwapa, amene ndi mchemwali wawo wamkulu wa amuna anga. Madokotala anapeza khansa ya kummero ndipo anati yapita patali. Ine ndi a Elsa tinagwirizana kuti pakhomo wina asamatchule za imfa pamaso pa wodwala. Kwathu kuno munthu akadapuma sumuyankhulira za bokosi, ngakhale mwana amadziwa zimenezo. A Elsa anabwera kudzakhala nafe kuti tizidwazika awiri. Mawu a amuna anga anatha, anatsala ongonong'ona, moti kuti umve umachita kuika khutu pakamwa pawo.

Ndinakauza a Hudson za matendawa monga mwa lamulo. Lamulungu pa 9 Julayi, cha m'ma 3 koloko masana, anthu asanu ndi atatu a gulu anabwera kudzazonda. Anaimba nyimbo ziwiri, anapemphera, anasiya shuga ndi sopo. A Hudson analipo. Ndi iwo amene anatsogolera pemphero, ndipo anapempha Mulungu kuti awadzutse a Zefaniya. Atatha anaima kumiyendo kwa mphasa nthawi yaitali ndithu akuyang'ana wodwala, kenako analemba kanthu m'buku. Ine ndinayesa chisoni. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu n'kuwapatsa nanazi ziwiri zakupsa bwino, ndi manja angawa.

Pano ndifotokoze za foni. Pakhomo pathu foni ndi imodzi, iyi ili pateburoyi, yamabatani. Inagwera m'ndowa chaka chatha, ndiye kuyambira pamenepo imangoyankhula mokweza, aliyense ali pafupi amamva. Ndikamachoka ndinkaisiya pamphasa kuti amuna anga azimvera wailesi, komanso kuti Kondi akaimba amve mawu a mwana wawo.

Lachitatu pa 26 Julayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinapita kumjigo, mtunda wa mamita ngati mazana atatu kuchokera kunyumba. Panali mzere, ndinakhalako mphindi ngati makumi anayi. Zimene zinachitika m'nyumba nthawi imeneyo sindinazione, ndinauzidwa ndi a Elsa. Akuti foni inalira, amuna anga n'kudina batani poganiza kuti ndi Kondi. Anayankha, koma mawu awo sanamveke kwa woimbayo, ndiye iye anayesa kuti akuyankhula ndi ine. Anali munthu wamkazi. A Elsa anali pomwepo akupukuta mbale ndipo anamva zonse. Anandibwerezera mawuwo maulendo ambiri tsiku limenelo, ndiye ndawasunga: "Mayi Namakhwa, ndife a mabokosi. Bokosi lanu lija lilipo, lalitali bwino lokwana bambowo. Mukatenga msanga, zinthu zisanachitike, tikuchotserani mtengo."

Nditabwera ndinapeza a Elsa ataima pakhomo, manja m'chiuno. Sanandilole n'kutula ndowa komwe. Anati ndine mfiti, ndatopa ndi kudwazika, ndikufuna nyumba ndi munda zikhale zanga ndekha. Ndinawakankha n'kulowa. Amuna anga anali atakhala tsonga, chinthu chimene anali asanachite kwa milungu iwiri, foni ili m'manja. Anandikodola. Nditaika khutu pakamwa pawo anati, "Make Kondi, unandiyeza liti?"

Ndinalumbira, ndinagwada, ndinatchula manda a mayi anga. Koma a Elsa anafunsa funso ili: ngati si ine, munthu wachilendo wadziwa bwanji dzina langa, nambala yanga, matenda a pakhomo ndi msinkhu wa wodwala? Tsiku limenelo amuna anga anakana phala lochokera m'manja mwanga. Mawa lake, Lachinayi pa 27 Julayi, cha m'ma 7 koloko m'mawa, kunabwera galimoto ndi abale awo anayi. Anawanyamula pamodzi ndi mphasa. Bulangete lawo lofiira anasiya, ati linagulidwa ndi ine.

Lamulungu pa 30 Julayi ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kupita ku Milonde, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Ndinatenga ufa wa phala ndi bulangete lija. Abale awo anandibweza pampanda. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndili ndi munthu, n'kubwezedwa pampanda ngati galu wakuba mazira.

Nambala imene inaimba inali ikadali m'foni. Lachitatu pa 2 Ogasiti ndinaimba, ndinadzitchula dzina lina n'kufunsa kumene ali. Anandilondolera ku shopu ya mabokosi ya a Spencer Likhutcha, m'mbali mwa msewu wopita kuboma. Ndinafika cha m'ma 11 koloko. Mwini shopu kunalibe. Ndinapeza akazi awo, a Diana, atakhala pabenchi pakati pa mabokosi akudya chinangwa. Nditamva mawu awo ndinadziwa kuti ndi omwe anayankha foni yanga. Ndinadziulula dzina lenileni n'kuwafunsa kuti ndinabwera liti pano kudzasankha bokosi.

Manyazi analibe ndi pang'ono pomwe, bwana. Anati "lanu lija" ndi kayankhulidwe chabe ka malonda, amatero kwa aliyense kuti munthu asakane msanga. Anatinso, "Amayi, ndi bizinesi. Tikapanda kuimba ife aimba anzathu." Ndinati ndinu akuba, mwaba nambala yanga. Apo ndiye anapsa mtima, anaimirira n'kunena kuti, "Ife sitiba, timagula." Anatsegula kabati n'kutulutsa mapepala ngati khumi ojambulidwa pamakina, kuti andionetse kuti ndi anthu achilungamo.

Anali masamba a kaundula wa Tiyanjane. Zolemba za a Hudson ndimazidziwa, amalemba mopendeka. Siginecha yanga ya 2016 inalipo. Pambali pa mayina ena panali timitanda tolembedwa ndi bolopeni yofiira. Ndinafunsa tanthauzo lake. A Diana anandifotokozera ngati mmene ine ndimafotokozera kasitomala za nanazi, iyi yapsa, iyi idikire kaye. Mtanda umodzi ndi wodwala. Iwiri ndi wodwalika. Itatu ndiye kuti imbani msanga. Pa dzina la amuna anga panali mitanda itatu, tsiku la 9 Julayi, ndi mawu akuti "wamtali". Ndiye kuti tsiku lija anaima kumiyendo kwa mphasa, pakamwa pali pemphero, maso anali kuyeza.

Ndinatuluka n'kukalavula m'ngalande. Nditabwerera ndinafunsa kuti a Hudson amalandira chiyani. A Diana anati amawapatsa kangachepe pa dzina lililonse, ndipo bokosi likagulidwa amawaonjezera ya sopo. Anatinso masamba omwewo ali ndi a sola ndi a inshuwalansi, kungoti awo alibe mitanda. Ndinatsomphola tsamba limene linali ndi dzina lathu, ndinalipinda n'kulimanga kumpango, n'kumapita. Anandikuwira mpaka pamsewu kuti ndine wakuba. Ngati kutenga dzina langa lomwe ndi kuba, lembani kuti ndinaba. Tsambalo ndi ili ndapereka kwa inu.

Lamulungu pa 6 Ogasiti, 2 koloko masana, gulu linakumana pakhomo pa wapampando a Lackson. Panali anthu oposa makumi anayi. Ndinaimirira n'kuonetsa tsamba lija, linayenda m'manja mwa anthu. Panali mayina khumi ndi awiri, anayi okhala ndi mitanda. Mayi wina amene mwana wake akudwala anapeza mitanda iwiri pa dzina lake, anangokhala pansi padothi. A Hudson poyamba anakana. Anthu atazindikira zolemba zawo anavomera, koma anati sakuona cholakwa. Mawu awo anali awa: "Nambala si mbuzi. Yanu idakali nanu, ndakuberani chiyani?" Anatinso akhala akulembera gulu zaka zisanu ndi ziwiri popanda wowathokoza.

Asa! Kuthokoza? Ndinawakumbutsa za nanazi zanga ziwiri.

Ine sindinapemphe kuti alipe kanthu. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha: akwere nane njinga, kabaza ndilipira ndine, akaime pamphasa ya a Zefaniya anene ndi pakamwa pawo kuti bokosi sanaitanitse ndi Benedita. Mphindi zisanu zokha. A Hudson anati, "Ndipite ku Milonde akandikhape?" Ndinatembenukira kwa wapampando amene anatiuza kuti za m'buku zimathera m'buku. A Lackson anati madzi akatayika saoleka, tikhululukirane, nkhani zotere zikatuluka kunja zimanyozetsa gulu. Akazi a a Hudson ndi mlongo wawo wa a Lackson, zimenezo aliyense amadziwa. Anagamula kuti a Hudson apepese pomwepo ndipo apitirize ulembi, ati palibe wina wodziwa kusunga buku. Anapepesa atakhala pampando, mwendo uli pamwamba pa unzake. Amayi ena anaimirira n'kumapita akutukwana. Ndinati ndiye mufufute dzina langa ndi la amuna anga. A Hudson omwewo anandiyankha kuti kutuluka m'gulu kumafuna kalata ya mwezi umodzi, ndipo kalatayo imalandiridwa ndi mlembi. Zinandinyansa moti mpaka lero ndikadutsa pakhomo pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Lachinayi pa 10 Ogasiti ndinapitanso ku Milonde ndi tsamba lija komanso bulangete lija. Ndinafika cha m'ma 12 koloko. Ndinakhala padzuwa kunja kwa mpanda maola awiri mpaka a Elsa anatuluka. Ndinati, "Alamu, onani nokha." Anayang'ana n'kunena kuti pepala aliyense atha kulemba, ndibwere ndi mwini wake wolembayo kapena chikalata cha boma chokhala ndi chidindo. Komabe anandilola kuima pakhomo la chipinda, osalowa. Amuna anga anali atatha kwambiri. Anali atafunda chitenje chimodzi, mapazi ali pamtunda chifukwa chinali chachifupi. A Elsa anawapatsa tsamba lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa mitanda ija. Kenako anayang'ana ine. Ananong'ona, a Elsa n'kundiuza zimene anena: "Abwere anene yekha." Bulangete lija ndinalisiya pakhonde. Sindikudziwa ngati anawafunditsa.

Lachisanu pa 11 ndi Loweruka pa 12 Ogasiti ndinapita kunyumba kwa a Hudson, masiku onse awiri m'mawa. Akazi awo anati apita ku Limbuli. Njinga yawo inali pakhonde ndipo nsapato zawo zinali pakhomo. Dzulo Kondi anaimba n'kundiuza kuti ndisiye kugwadira fisi, ndipite kupolisi. N'chifukwa chake ndalawira kuno. Za kumanga munthu mukudziwa ndinu. Ine ndikupempha kuti mumutenge Hudson tipite naye ku Milonde lero, kapena mundilembere chikalata cha chidindo chonena kuti

Pano umboni unaima kuyambira 10:35 mpaka 11:05. Wodandaula anapitiriza motere:

Nthawi ili 10:35, ndili m'chipinda chino, foni yanga yalira. Sajeni Mwanyali anandilola kuyankha, ndipo amva okha chifukwa foniyi imayankhula mokweza. Nambala ndi yomwe ija ya ku shopu ya mabokosi. Ulendo uno anali mwamuna, anadzitchula kuti Spencer. Ananena kuti: "Pepani ndi zovuta zagwazi, Mayi Namakhwa. A Hudson atiuza kuti bambo atisiya mbandakucha. Lalitali lija lilipo. Tipititse ku Milonde kapena ku Chinakanaka?"

A Sajeni ndi amene anadula foni.

Kenako a Sajeni anaimbira a Elsa pa nambala imene ndinawapatsa. A Elsa atsimikiza kuti a Zefaniya amwalira lero cha m'ma 5 koloko m'mawa. Ati 6 koloko anaimbira mlembi wa Tiyanjane kuti gulu likonze ufa ndi nkhuni, popeza malemu anali membala. Atafunsidwa chifukwa chimene sanandiuzire ine, anati, "Ameneyo amva kwa anzake a mabokosi."

Ndipo ndamvadi kwa a mabokosi. Kuyambira 6 koloko Hudson akudziwa. Nyumba yake ndi yanga ndi mtunda wa mphindi khumi wapansi, nambala yanga ali nayo m'buku, ndipo foni yakhala ili m'manja mwangamu m'mawa wonse. Anasankha kuimbira kumene kuli ya sopo.

A Sajeni andifunsa ngati ndikufunabe chikalata chija. Eya, ndikuchifuna, ndipo mudindepo chidindo chooneka bwino. Ndipita nacho ku Milonde lero lomwe. Akandilola kulowa, ndikagwada pamphasa, ndikaika pakamwa panga pakhutu lawo ngati mmene ndinkaikira khutu langa pakamwa pawo, ndikawawerengera chonse. Akandibweza pampanda, ndikawerengera pampanda pomwepo mokweza.

Mulembenso ichi, bwana, musachisiye. Ine Benedita amuna anga sindinawayezepo. Ndinawayeza kamodzi kokha, mu 2019, pogula bulangete lofiira lija, kuti mapazi asamakhale pamtunda.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo ndanena zoona zokhazokha. Andiwerengera umboniwu ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Benedita Namakhwa ....................

Wolemba: Sajeni Juma Mwanyali ....................

Nthawi yomalizira: 11:20 m'mawa